Kabuku ka kuchipatala sikobisa kudenga

Mvula ili mkati chaka chatha, ife alangizi a zaumoyo tinayendera mayi wina m'mudzi wa kufupi ndi Nsaru. Mayiwa, omwe dzina lawo sititchula, amamwa mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, koma anali atadumphitsa tsiku lokatenga ena ndi masabata atatu. Titapempha kabuku kawo ka kuchipatala, anakasolola kudenga komwe ankakabisa poopa kuti alamu awo angakaone. Kanali konyowa, koma tsiku lobwerera linkaonekabe. Anatiuza kuti sankadziwa zomwe zinalembedwamo, ndipo tsiku lomwe analandira mankhwalawo anachita manyazi kufunsa chifukwa pamzere panali anthu ambiri.

Nkhani yotere timakumana nayo kawirikawiri m'midzi ya ku Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete. Wodwala akaonana ndi adokotala, zonse zimalembedwa m'kabukuka: chomwe chamuvuta, sikelo yake, mankhwala omwe wapatsidwa ndi tsiku lobwerera. Vuto ndi lakuti zimalembedwa m'Chingerezi, mwachidule. Zilembo za OD zimatanthauza kumwa kamodzi patsiku, BD kawiri patsiku, pomwe TCA ndi tsiku loti mudzabwerenso.

Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo ka HIV amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Masiku ano ambiri omwe akupeza bwino amalandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Izi zachepetsa maulendo, koma tsiku lakutali silichedwa kuiwalika, makamaka nyengo yolima ndi yothyola fodya. Munthu akamadumphitsa, kachilombo kamachulukanso m'thupi ndipo mankhwala amatha kusiya kugwira ntchito.

Ena amagula kabuku kachiwiri kuti akadwala malungo kapena chifuwa asadziwike kuti ali pa ma ARV. Tikumvetsa kuti kusalana kukadalipo, koma kutero ndi kudziika pachiswe. Mwachitsanzo, mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB amafuna kuti kamwedwe ka ma ARV ena kasinthidwe. Nanga adokotala adziwa bwanji ngati mwawabisira?

Choncho musanatuluke m'chipinda, pemphani kuti akuwerengereni zomwe alembazo m'Chichewa, kenako mubwereze ndi pakamwa panu. Ndi ufulu wanu. Mukafika kunyumba, chongani tsikulo pakalendala kapena uzani munthu mmodzi yemwe mumamukhulupirira kuti adzakukumbutseni. Sungani kabuku m'jumbo, ndipo kakadzaza musataye, kasokereni pamodzi ndi katsopano. Ngati mukupita ku maesiteti a ku Kasungu kapena Mchinji, pemphani kalata yosamukira kuti mukapitirize kulandira mankhwala komweko.

Mayi a ku Nsaru aja tinawaperekeza kuchipatala ndipo anayambiranso mankhwala. Pano kabuku kawo amasunga m'chikwama, ndipo mchemwali wawo ndi amene amawawerengera. Patapita miyezi, atayezetsa magazi, anabwera okha kudzatisonyeza tsamba lolembedwa kuti tizilombo tachepa kwambiri.

Tiyeni tizifunsa. Ngati zolembedwa m'kabuku kanu sizikumveka, bwerani nako kwa mlangizi wa m'dera lanu. Tidzakuwerengerani mwachinsinsi.