Kodi Kukhalitsa pa Malonda Kumachulukitsa Phindu?

Ambiri a ife tikadzatsiriza sukulu tidzalowa ntchito za malonda, ndipo ena adzafuna kuyamba zaozao. Tsono nkofunika kuti tiliganizire funso ili tisanataye ndalama: kodi munthu akakhalitsa pa ntchito yopanga katundu, ndalama zopangira katunduyo zimachepa, ndi phindu lake kukula? Ambiri amayankha msanga kuti inde. Koma funsoli liri ndi mbali ziwiri, ndipo yankho la mbali yoyamba silifanana ndi la yachiwiri.

Tiyambe ndi ndalama zopangira katundu. M'chaka cha 1936 mmisiri wina wa ndege wa ku America, dzina lake Theodore Wright, anazindikira chinthu chodabwitsa. Nthawi iriyonse pamene chiwerengero cha ndege zopangidwa chinawirikiza kawiri, maola opangira ndege imodzi anachepa ndi magawo 20 pa 100. Tiyerekeze kuti ndege yoyamba yadya maola 100. Ndiye kuti yachiwiri idzadya maola 80, yachinayi 64, ndipo yachisanu ndi chitatu pafupifupi 51. Zifukwa zake nzosavuta kumva. Manja a antchito amazolowera, zolakwa zimachepa, zipangizo sizitayika pachabe, ndipo akapitao amapeza njira zachidule zogawira ntchito.

Chitsanzo chodziwika koposa ndi cha Henry Ford, amene anayamba kugulitsa galimoto lotchedwa Model T m'chaka cha 1908 pa mtengo wa madola 850. Mu 1913, pa fakitale yake ya ku Highland Park pafupi ndi Detroit, anakonza kuti galimoto liziyenda pang'onopang'ono pa mzere, wantchito aliyense ataima pamalo pake ndi kuchita kantchito kamodzi kokha. Ntchito yolumikiza thunthu la galimoto, imene inkatenga maola 12 ndi theka, inayamba kutha m'mphindi 93. Pofika 1925 Model T yotsika mtengo koposa inkagulidwa madola 260 okha. Alimi ndi antchito wamba anayamba kugula magalimoto, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 pafupifupi theka la magalimoto ogulidwa ku America linali la Ford. Apa palibe chokayikitsa: kuzolowera kunachepetsa ndalama zopangira.

Nanga phindu? Mbali iyi ndiyo imene ambiri amaiwala. Ford anakonza makina ake onse kuti azipanga galimoto la mtundu umodzi wokha, ndipo kuyambira 1914 kufikira 1925 linkatuluka lakuda lokhalokha. Pamenepo kampani ya General Motors, motsogozedwa ndi Alfred Sloan, inaona kuti anthu ayamba kufuna zina. Inawapatsa magalimoto a mitundu yosiyanasiyana, okhala bwino m'kati, ndi mwai wolipira pang'onopang'ono. Anthu anayamba kusiya Model T ngakhale inali yotchipa. Ford anachedwa kumva uphungu wa anzake, ndipo paja akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu May 1927, atapanga magalimoto oposa 15 miliyoni, analeka kupanga Model T, natseka mafakitale ake kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi kuti asinthe makina. Antchito zikwizikwi anakhala opanda ntchito, ndipo chaka chimenecho Chevrolet ya General Motors inagulidwa koposa Ford.

Kodi tiphunzirapo chiyani? Choyamba, zaka pazokha siziphunzitsa munthu. Wright sanawerenge zaka koma ndege zopangidwa, ndipo Ford sanangodikira kuti manja azolowere koma anasintha dala kagwiridwe ka ntchito. Munthu wochita malonda zaka 20 osalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, osafunanso njira yatsopano, safanana ndi mnzake wa zaka 5 amene amayesa ntchito yake tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, kuchepa kwa ndalama kumafulumira poyamba koma kumazilala pambuyo pake, pakuti kuchoka pa zinthu 10 kufika pa 20 nkwapafupi, koma kuchoka pa miliyoni imodzi kufika pa mamiliyoni awiri kumatenga nthawi yaitali. Chachitatu, opikisana nawo amaphunziranso, ndipo onse akatsitsa mitengo wopindula amakhala wogula.

Motero yankho lathu ndi ili: kukhalitsa pa malonda kumachepetsadi ndalama zopangira katundu ngati mwini ntchito akuphunzira, koma phindu limadza pokhapokha anthu akufunabe katunduyo. Inu anzanga amene mudzatsegula malo osokera zovala kapena opalira matabwa, dzalembeni m'buku nthawi ndi ndalama zimene chinthu chirichonse chadya, ndipo musadzaleke kufunsa ogula chimene akufuna chaka chimenecho.