Mwana wanga asewere timu iti?

Bambo wina wa ku Kampepuza anandifunsa chifukwa chake mwana wake wa zaka 15, wogoletsa zigoli m'bonanza iliyonse, sakutengedwa ndi timu ya akuluakulu. Inenso kale ndinkaona ngati mpira ndi umodzimodzi, bola mwendo uzichita.

Mpira uli ndi makwerero awiri. Oyamba ndi a msinkhu: osapitirira zaka 17, osapitirira zaka 20, kenako akuluakulu. Zili ngati kusukulu. Mwana wa Sitandade 6, ngakhale anzeru zitamuchuluka, simumukhazika Fomu 3. Mafupa a mwana wa zaka 15 sanakhwime, ndipo bambo wandevu akamugunda phewa pabwalo lafumbi, amatha kuthyoka kapena kungoyamba kuopa mpira. N'chifukwa chake kunama zaka kumandinyansa. Pa mipikisano ikuluikulu ya osapitirira zaka 17 amajambula fupa la pamkono ndi makina a MRI, ndipo wobera zaka amabwezedwa kwawo.

Makwerero achiwiri ndi a mphamvu za timu. Timu yakuno imayambira m'boma, n'kukwera m'maligi a m'chigawo. Pamwamba penipeni pali Super League, komwe kuli Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers.

Nanga mwana apite kuti? Kumene azisewera Loweruka lililonse. Timu yotchuka yomuyanika pabenchi chaka chathunthu imangomuzimiritsa luso. Bambo, musanalole kuti alembedwe, afunseni aphunzitsi ake kuti timuyo ili mu ligi iti, ndipo mwanayo azisewera ndi a msinkhu wanji.