Khutu la Makina ku Lukusuzi

Mawu a kutchire amene mumamva pa wailesi, kaya ndi nang'omba m'bandakucha, kaya ndi fisi pakati pa usiku, alipo munthu amene anayamba kuwamva payekha, rekoda ili m'manja, mahedifoni ali kumakutu. Lero titsagana naye ku Lukusuzi.

Lukusuzi ndi nkhalango yosungirako nyama m'chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, kum'mwera chakumadzulo kwa tauni ya Lundazi. Inakhala paki m'chaka cha 1972, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 2,720. Ili pamtunda, kum'mawa kwa chigwa cha Luangwa, ndipo mitengo yochuluka ndi miombo. Alendo amene amadzaza malo ogona ku Mfuwe safikako kawirikawiri. Wochokera ku Lundazi amalowera kwa Mfumu Chikomeni. Kusowa kwa galimoto kumene ena amadandaula nako, kwa wojambula mawu ndi mwayi.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa makutu abwinobwino amawatsekanso ndi mahedifoni? Khutu la munthu limasankha. Mukakhala pakhonde mwezi wa Okutobala, gogo akulongosola mmene ankasakira nyama paki isanabwere, nyenje zili gwegwegwe m'mitengo, mutu wanu umataya nyenjezo n'kutola mawu a gogo okha. Makina alibe nzeru zimenezo. Amameza zonse: nyenje, tambala wa kuseri kwa nkhokwe, chala chanu chokhudza pulasitiki, mpaka kulira kwa m'mimba mwanu. Amene wajambula osamvetsera amakatulukira ku situdiyo kuti gogo anamira, pamene msewu wobwererako ndi wa tsiku lonse.

Mdani wamkulu ndi mphepo. Kamphepo kamene pankhope kamangoziziritsa, pa maikolofoni kamamveka ngati denga la malata likusasuka. Ndiye chifukwa chake maikolofoni amaiveka siponji, pamwamba pake n'kuikaponso chipewa chaubweya. Koma kuti chipewacho chakwanira kapena ayi, maso sanganene. Manambala a pa rekoda amangosonyeza kukula kwa phokoso, sanena kuti phokosolo ndi la chiyani.

Manambalawo ali ndi ntchito yake. Makina ambiri a masiku ano ali ndi malire pa 0, ndipo mawu akadumpha pamenepo amasweka, osakonzekanso. Ambiri amasunga mlingo chapafupi ndi madesibelo 12 pansi pa malirewo. Pabwalo la gule wamkulu, kapena m'nyumba mmene akuvina vimbuza, pakuti dera la Lundazi ndi la Achewa, Atumbuka ndi Angoni omwe, zimenezi zimayesa munthu. Amayi amayamba nyimbo ndi m'manja mokha, iwe n'kukweza. Ng'oma ya mbalule ikangolowa, manambala adumpha malire. Wozolowera amakhala atafunsa kale oimba ng'oma kuti aombe kaye mwamphamvu, atchere makina ake, ndipo sakhudzanso.

Ntchitoyi si yachilendo kuno. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music m'chaka cha 1954, anayenda ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1950 ndi makina olemera onyamulira pagalimoto. Iye sankaimika maikolofoni pamtengo. Ankaigwira m'manja, kuiyandikizitsa kwa wotsogolera nyimbo, kuibweza kwa ovomera, kuitsitsira ku ng'oma. Akatha ankaseweranso nyimbozo kuti eni ake adzimve. Zimene anajambula zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Lero rekoda imalowa m'thumba la malaya ndipo imadya mabatire a tochi yaing'ono, koma mwambo wopatsa agogo mahedifoni kuti adzimve ambiri autaya, ndipo kumeneko n'kulakwa. Mwini mawu ndiye woyamba kudziwa ngati dzina la mfumu latchulidwa mokhota.

Tibwerere m'tchire, chifukwa kumeneko mahedifoni ali ndi vuto lake. Abwino pa ntchitoyi ndi aja otseka khutu lonse, kuti mawu asatuluke n'kubwereranso mu maikolofoni. Koma khutu lotsekedwa silidziwa kumene phokoso lachokera. Nthambi yothyoka kumbuyo kwanu imamveka pakati pa mutu, kapena kumene mwalozetsa maikolofoni. Chinthu chakutali chimakhala ngati chili pafupi, chapafupi n'kusowa. M'paki mumayenda ndi msilikali wa zanyama, ndipo iye akanena kuti, "Akulu, tavulani kaye zimenezo," simutsutsa. Ena amavala khutu limodzi, lina n'kulisiyira tchire.

Chenjezoli lakula masiku ano. Lukusuzi ndi paki ya Kasungu ya ku Malawi zili m'dera limodzi la zachilengedwe limene maiko awiriwa anasainirana m'chaka cha 2015. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo alimi a m'malire mbali zonse ziwiri akhala akudandaula za minda ndi nkhokwe zawo. Njovu sidziwa malire.

Njovu yomweyo ndiyonso imagonjetsa mahedifoni. Munthu amamva kuyambira pa mahezi 20 (mahezi ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu) kukwera m'mwamba, koma gawo lina la kulira kwa njovu lili pansi pa pamenepo, ndipo limayenda makilomita angapo. Wofufuza wina, Katy Payne, anazindikira zimenezi m'chaka cha 1984 kumalo osungirako nyama ku Portland, ku America, ndipo mawuwo anamveka atathamangitsa tepi. Marekoda ambiri ali ndi batani lodula mawu a pansi pofuna kuchepetsa mphepo, kawirikawiri kuyambira cha pa mahezi 80. Pojambula gogo, liyatseni. Mukatsata njovu m'mbali mwa mtsinje wa Lukusuzi lizimitseni, mupirire mphepoyo, zotsalazo mukazifufuze pa kompyuta mukafika ku Lundazi.