Fungo la Petulo m'Galimoto Yakale

Inu amene muyenda pa mseu wa Great East pakati pa Lusaka ndi Chongwe, kodi munamvapo fungo la petulo galimoto itaima padzuwa la October? Fungolo ndi ndalama zanu zirikuuluka, ndiponso ndi moto uli pafupi.

Petulo akatenthedwa asanduka mpweya. Magalimoto ambiri opangidwa kuyambira zaka za m'ma 1970 ali ndi kacitini ka makala kosunga mpweyawo. Injini ikamalira iukoka kupyola pa kavavu, niutentha.

Tsono yambani ndi citsekero ca thanki. Ngati mphira wace wang'ambika, gulani cina. Pambuyo pace tsatani timapaipi ta mphira ndi dzanja, pakuti kutentha ndi ukalamba zitiumitsa kufikira ting'aluka. Injini ikavuta kulira mutangothira mafuta, kawirikawiri kavavu kaja kakanika kutseka, ndipo makanika ayenera kukasintha. Pampu ikadziimitsa yokha musaonjezenso, cifukwa mafuta alowa m'makala nawaononga.

Koposa zonse, musafune pobooka ndi macesi, kapena ndudu iri pakamwa.