Kutsitsa Beetle kumbuyo: chinsinsi chagona pa mano 40 ndi 44

Ambiri mwa okonda galimoto zakale amafuna kuti Volkswagen Beetle yawo ikhale yotsika, yoyandikira pansi. Galimotoyi, yomwe injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo osati madzi, inasiya kupangidwa mu 2003 ku Puebla m'dziko la Mexico zitapangidwa zoposa 21 miliyoni. Kuitsitsa kumbuyo sikulira kudula chitsulo chilichonse, koma kuwerenga mano mosaphonya.

Kumbuyo kwa Beetle kulibe masipuling'i opiringizika. Kuli ndodo ziwiri zachitsulo, zotchedwa torsion bar, zogona chopingasa m'chipaipi. Tayala likagunda bampu, ndodo imapotokola kenako n'kubwerera. Ndodo iliyonse imalumikizidwa ku ekiselo ndi chitsulo chophwathalala, spring plate, ndipo kupendekeka kwa chitsulochi ndi komwe kumalamula msinkhu wa galimoto.

Nsonga yamkati ya ndodo ili ndi mano 40, yakunja 44. Dzino limodzi lamkati ndi madigiri 9, lakunja ndi madigiri 8 ndi pang'ono. Kusuntha ndi dzino limodzi kumatsitsa galimoto ndi masentimita pafupifupi 5 kapena 6. Wofuna kutsitsa pang'ono amasuntha dzino limodzi mkati, n'kubweza limodzi kunja, kuti kusiyana kwake kusafike digiri imodzi.

Ntchitoyi ili ndi ngozi yake. Spring plate imakhala itakanikizidwa ndi mphamvu ya ndodo, ndipo ikaphonyoka imatha kuthyola mkono kapena mwendo. Makaniko wodziwa amaichirikiza ndi jeke, amalemba zizindikiro asanamasule, ndipo amayeza mbali zonse ziwiri kuti galimoto isapendekere kumodzi.

Zotsatira nazo n'zofunika kuzilingalira. Pa Beetle za ekiselo ya swing axle, kutsitsa kumapendeketsa matayala, pamwamba kulowa mkati, motero amathera mbali imodzi. Komanso mabering'i akumbuyo amadalira oyilo wa m'giyabokisi yemwe amatsetsereka m'mapaipi a ekiselo. Galimoto ikatsika kwambiri mapaipiwo amaloza m'mwamba, oyilo safika mokwanira ndipo mabering'i amatha msanga.

Injini nayo imayandikira pansi, pomwe mahampu ndi maenje a m'misewu ya m'tauni sasankha. N'chifukwa chake dzino limodzi limakwanira pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito ikatha matayala ayenera kuwongoledwanso pa makina.