Za Rozi Lokalamba

Ana inu, mukamayenda m'midzi ya kumapiri, monga ku Dedza, ku Zomba kapena ku Mulanje, mudzaona pa mabwinja ena chitsamba cha minga chili chiimire pakati pa udzu. Amene adachibzala adasamuka, kapena adamwalira kale. Mbuzi zadya masamba ake, ndipo wodutsa ayesa kuti chidauma. Limenelo ndilo duwa la rozi. Si mtengo wa kwathu kuno ayi. Lidachokera ku maiko a kumpoto, ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo chifukwa chake likondwera ndi malo ozizira.

Musafulumire kulizula, pakuti rozi silifa msanga. Mu mzinda wa Hildesheim, ku Germany, muli rozi lina lakale ndithu, loyanga pa khoma la tchalitchi chachikulu. M'chaka cha 1945, pa nkhondo yaikulu ija, mabomba adagwa pa mzindawo, tchalitchi chidapsa, ndi rozi lomwe. Koma mizu yake idatsala yamoyo pansi pa miyala, ndipo patapita masabata 8 idatulutsa mphukira zatsopano. Rozilo lichita maluwa kufikira lero.

Tsono mukapeza rozi lotayika chotero, yambani mwakanda khungwa lake ndi chikhadabo. Mukaona chobiriwira m'kati, moyo ulipo. Limirani udzu wonse mozungulira, ndi kudikira nyengo yozizira, mwezi wa Juni kapena Julayi, pamene mtengowo upumula. Pamenepo tengani mpeni wakuthwa, muchotse nthambi zouma, ndi zowonda, ndi zopingasana pakati, kuti dzuwa ndi mphepo zilowe. Zotsalazo, zinayi kapena zisanu, muzifupikitse. Dulani mopendeka, pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja, pakuti nthambi yatsopano idzalunjika kumene diso liyang'anako. Ana ambiri achita chifundo podula, nasiya nthambi zochuluka. Chifundo chotere chibala maluwa ang'onoang'ono.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Marozi ambiri ogula ndi omezanitsa: kumwamba kuli mtundu wokongola, koma mizu ndi ya rozi la kuthengo. Mukaona chotupa pa tsinde, pafupi ndi dothi, ndipo mphukira ina itulukira pansi pa chotupacho, ithyoleni pomwe yamera, chifukwa idzalanda chakudya chonse ndi kupha mnzake wakumwamba.

Mutatha kudulira, thirani manyowa owola bwino, nimuphimbe ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuopa chiswe. Madzi thirani pansi, osati pa masamba, pakuti masamba okhala chinyowere agwidwa ndi nthenda ya mawanga akuda, nayoyoka.

Koma mtengo umodzi suli wokwanira. Moto wa lupsa ukadutsa, kapena chiswe chikalowa, rozi la agogo anu latha. Ndipo dzina la mtundu wake likaiwalika, simudziwa ndi komwe mungakafune lina. Kapena wina adzati, tidzafesa njere zake. Zimenezo sizithandiza, chifukwa njere ya rozi la m'munda imera mtengo wosiyana ndi mayi wake, ndipo kawirikawiri maluwa ake achepa kukongola. Njira yoona muidziwa kale, pakuti ndi yomwe makolo anu abzalira chinangwa: kamtengo kodula pa tsinde kabala zofanana ndi tsindelo.

Pa nthambi zimene mwadula zija sankhani zamoyo, zoongoka, zonenepa ngati pensulo. Dulani timitengo totalika masentimita 20, kalikonse kokhala ndi maso anayi. Kumunsi dulani mopingasa, pansi penipeni pa diso, ndipo kumwamba dulani mopendeka, kuti musaiwale mutu wake. Kamtengo kozika chadodolido sikaphuka. Chotsani masamba, musiye awiri okha akumwamba. Konzani malo pa mthunzi, musanganize dothi ndi mchenga wa kumtsinje, muboole ndi kamtengo kena, ndi kuzika maso awiri kapena atatu m'dothi, nimutsendere ndi zala. Zikani timitengo khumi, chifukwa tina tidzauma ngakhale musamale chotani.

Dothi likhale lonyowa masiku onse, koma lisasanduke matope, pakuti madzi ochuluka aoletsa kamtengo kasanachite mizu. Apa ndi pamene ana alephera kupirira. Masamba atsopano aoneka msanga, mwana nakondwa, nazula kuti aone mizu, ndipo timizu tanthete tiduka. Masamba oyambawo akhala ndi chakudya cha m'kamtengo momwemo. Mizu ifuna masabata 6 kapena 8, mwina kuposa apo. Lekani mpaka mvula itagwa ndi kukhazikika. Pamenepo kumbani kamtengo pamodzi ndi dothi lake, mukaokere madzulo pa malo owomba dzuwa la m'mawa, nimutchinge ndi minga chifukwa cha mbuzi. Likayamba kuonetsa maluwa oyamba, athotholeni asanamasule, kuti mphamvu yonse ipite ku mizu chaka chimenecho.