Chipata cha bwalo la mpira si pokankhanirana

Lamulungu likafika, ena mwa othyola tiyi ku Satemwa ndi Conforzi m'boma la Thyolo amakwera minibasi kukaonera mpira pa Kamuzu Stadium mumzinda wa Blantyre. Koma asanaone chigoli, ayenera kudutsa kaye pachipata.

Malamulo ake ngodziwika: gulani tikiti, imani pamzere, lolani achitetezo akusecheni. Mipeni, miyala ndi mabotolo agalasi saloledwa chifukwa mkwiyo ukabuka zimasanduka zida.

Pa 6 July 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa pa Bingu National Stadium ku Lilongwe pokanganirana kulowa, zipata zitachedwa kutsegulidwa. Tsikulo Nyasa Big Bullets imakumana ndi Silver Strikers.

Motero udindo uli mbali zonse: oyang'anira bwalo atsegule nthawi yabwino, ochemerera alawire, ndipo wobwera ndi mwana asamusiye dzanja.